Gologolo Pabwalo la Mafunso

Padangokhala. Amene muli maso muyankhe, otopanu mungogwedeza mutu, ndiona.

Padali mudzi wa nyama wozingidwa ndi mpanda waminga. M'kati mwa mpandamo nyama sizinkadyana. Kunja kudali mphamba ndi njoka, ndipo kanyama kakang'ono kakatulukako ndi ana kankabwerako kokha, mwinanso osabwerako n'komwe.

Mfumu ya mudziwo idali a Njati. Chaka china kudabwera alendo ochokera kutali, ndipo pocheza adayamba kufunsa eni mudzi timafunso. Mudzi uno adauyamba ndani? Lamulo lanu limati chiyani wina akaba? Nyimbo mwavinayi adapeka ndani? Nyama zidangoyang'anana. Alendo adaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo a Njati adachita manyazi moti chakudya chidawakanika.

Alendo atapita, mfumu idaika lamulo. Chaka chilichonse zokolola zikalowa m'nkhokwe, mwini nyumba aliyense azionekera pabwalo kukayankha mafunso. A Khwangwala, woweruza milandu, azifunsa za malamulo. A Njiri, mkulu wa mpingo, azifunsa za kupembedza. A Changa, mphunzitsi wamkulu, azifunsa zonse zotsala, kaya mbiri, kaya zakumwamba, kaya nyimbo, chilichonse chowabwerera m'mutu. Wolephera kwa mmodzi yekha mwa akuluakuluwa azitola mphasa zake ndi ana ake, akamange kunja kwa mpanda.

M'mudzimo mudali Gologolo, mayi wa ana angapo. Wamkulu adali namwali dzina lake Mwandida, wamng'ono adali akadali kubere. Zaka zonse wokayankha mafunso adali mwamuna wake. Koma mwamunayo adadwala chifuwa n'kumwalira, ndipo Gologolo adasanduka mwini nyumba. Nyumba yake idali mphako yabwino, yosadontha, yofunda nthawi yachisanu. Ana onse adabadwira momwemo.

Sukulu Gologolo adangoilawa. Amayi ake atadwala, iye ndiye adasenza mtsuko, ndipo sadabwererekonso. Za malamulo ankadziwa kuti kuba n'koipa. Za mpingo ankadziwa kuyimba. Za mbiri ankadziwa kuti dzulo kudali ntchito ngati lero.

Mnzake woyandikana naye nyumba, Nkhanga, adayesa kumuphunzitsa. Ankabwera madzulo n'kuyamba kumulakatulira malamulo, koma asanafike pakati mwana ankalira, kapena mphika unkasefukira, kapena Gologolo ankapezeka wagona chokhala, chipande chili m'manja.

"Amake Mwandida, mukagona chonchi mudzadzukira kunja kwa mpanda," adatero Nkhanga.

"Mutu wanga wadzaza kale, mnzanga. Muli ana, muli ndiwo, muli nkhuni. Lamulolo likalowa likhala pati?"

Tsiku loonekera kwa a Khwangwala litafika, Gologolo adakazinga mtedza umene ankasungira ana. Adauyanika palichero m'mbali mwa njira imene woweruzayo ankadzera, iye n'kubisala. A Khwangwala adafika akuyenda monyang'wa, kolala yawo yoyera ili mbee. Adaima. Adayang'ana uku ndi uku. Adatola kamodzi kongolawa, kenaka adaiwala kuti akulawa.

Gologolo adabereka mwana n'kuyamba ulendo wa kubwalo akuyimba. Nyimbo yake idali yofunsa ngati funso lidaberekapo mwana kumbuyo, ngati funso lidapitapo kumunda, nanga bwanji likudya nyumba za anthu. Amayi osinja m'mbali mwa njira adaigwira msanga, n'kumavomera ndi mawu amodzi okha otanthauza kuti ayi, misi ikugunda pamodzi.

Atamuitana, a Khwangwala asanatsegule mlomo, Gologolo adagwada n'kuyamba kulira. Adati wabwera ndi mlandu, wina wadya mtedza wa ana amasiye. Pabwalo lililonse wolira amayamba wamvedwa, choncho woweruza adamufunsa ngati wakubayo adamuona.

"Sindidamuone, bwana woweruza. Koma timakoko tofiira ta mtedza wokazinga timamatirira pa chinthu choyera. Ndikupempha kuti aliyense wokhala ndi poyera pathupi aimirire, tione."

Kakowa adaimirira. Mbidzi adaimirira akung'ung'udza. Nkhanga naye adaimirira n'kumadziyang'ana timadontho take. A Khwangwala adatsitsa mlomo pachifuwa pawo n'kuusiya pomwepo, ngati munthu woganiza zakuya.

Adalankhula osadzutsa mutu. Adati mayi wodziwa kutula mlandu, wodziwanso njira yogwirira wakuba, palibe cha malamulo choti n'kumufunsanso, wakhoza. Za mlandu wa mtedzawo adati udzakambidwa mtsogolo, bwalo likadzakhala ndi mpata. Mpatawo sudapezeke mpaka lero.

Gologolo adabwerera kunyumba. Ana adafunsa za mtedza, iye adawaphikira masamba.

A Njiri adamva zimene zidachitikira mnzawo, ndipo tsiku lawo litafika adadyeratu kunyumba mpaka kukhuta. Gologolo adadzeranso njira yomwe ija akuyimba nyimbo yomwe ija, koma moikoka pang'ono, poti mwana adamugoneka movutikira. Amayi osinja adavomera ngati kale.

Mafunso pabwalopo ankatha ng'oma yamasana ikalira, kuti anthu akaphike. Gologolo atamuitana, adawomba m'manja mwaulemu n'kupempha a Njiri kuti, poti nkhani yake ndi yopatulika, amulole atsegule ndi pemphero. Mkulu wa mpingo akadakana bwanji? A Njiri adakondwa, adagwada, ndipo bwalo lonse lidagwada nawo.

Gologolo adayamba ndi mfumu. Adapempherera a Njati, akazi awo mmodzimmodzi, ndi msana wa mkazi wamkulu. Adapempherera woweruza, napemphanso kuti wakuba mtedza uja akhululukidwe kulikonse kumene ali. A Khwangwala adati amen mokweza, koma Gologolo adapitirira. Adalowa kwa nyerere, banja ndi banja. Adalowa kwa odwala, kwa oyembekezera, kwa amene mano akuwagwedera. Mwana adadzuka, iye adamukokera kubere osatsegula maso, pemphero osaduka.

Maondo a a Njiri adayamba kuyaka moto. Adatsokomola kuti mayiyo amve. Gologolo adapempherera chifuwa chimene chayamba akulu a mpingo. Adayesa kuponya amen pamene iye ankapuma mpweya, koma Gologolo adathokoza chifukwa cha mtumiki wolimbikitsa opemphera, n'kuyambanso chigawo china. Kenaka adayamba kutchula maina a onse amene adatulutsidwa kunja kwa mpanda, ndi ana awo, amoyo ndi amene adatengedwa. Apa ngakhale amene ankaseka chamumtima adaleka. Nyama zambiri zidali ndi abale kumeneko.

Ng'oma idalira. Gologolo adati amen ndi mawu otsala pang'ono kutha.

A Njiri adayesa kudzuka, miyendo idakana. Akadali chigwadire adalengeza kuti mudzi wonse wamva wokha, mayiyu za kupembedza akuzidziwa, ndipo asadzapemphedwenso kutsegula msonkhano uliwonse. Maondo awo adachita zikang'a tsiku limenelo, ndipo poti kudzuka kudawavuta, adazolowera kudya chogwada.

Gologolo adafika kunyumba mawu atatsekeka. Ana ankawaitana ndi manja.

Tsopano padatsala a Changa. Iwowa sankatola zapanjira, ndipo pemphero lawo linkatha munthu asanatseke bwino maso. Adalengezeratu kuti tsiku lawo sipadzakhala mlandu, sipadzakhala pemphero, padzakhala mafunso basi. Adali munthu wa maso aakulu, wokonda kukonza anzake polankhula, ngakhale pamaliro.

Nkhanga adauza mnzake kuti ayambe kudula mitengo, kuli bwino mvula ikawapeze ali ndi kadenga kunjako. Gologolo adakhala pakhomo akuyang'ana Mwandida amene ankapeta chimanga.

Padali nkhani ina imene Gologolo ankaikankhira kumbali. A Changa adali mbeta yamphongo, ndipo adatumizapo ankhoswe kangapo kudzafunsira Mwandida, atatenga mkanda wa chikole. Nthawi zonse Gologolo ankaubweza. Ankati safuna mkamwini woti adzamuuze kuti akuyetsemula molakwika.

Adamuitana mwana wakeyo ndi mawu osasa.

"Iwe Mwandida, aphunzitsi aja umawafuna, kapena umangowaseka?"

"Ine ndidanena kale, amayi. Inu ndiye mudati maso awo ngotuzuka."

"Ngotuzukadi."

"Ndiye amandiona bwino."

"Tamvera. Sindikukusinthanitsa ndi mphako iyi. Ukati ayi, titola mphasa tonse, sindidzakunena."

"Amayi, inu mukachedwanso ndikadzitengera ndekha mkandawo."

Gologolo adatuma Nkhanga kuti akanene kwa ankhoswe kuti chikole chibwere. Chidabwera tsiku lomwelo, ndipo chidalandiridwa anthu akuona. A Changa adakondwa mpaka kutulutsa ana asukulu dzuwa likadali pamutu. M'chikondwererocho sadaganize kanthu kena.

Mwambo wa kumeneko udali ngati wathu womwewu. Chikole chikalandiridwa, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anananso kumaso, salankhulana, akakumana panjira amapatukirana. Ndipo mkamwini wotsutsa apongozi ake pagulu ndiye kuti ukwati waufuna kale kuutaya.

Tsiku la mafunso Gologolo adanyamuka akuyimba nyimbo yake, koma mawu adali asanabwerere, moti inkamveka ngati kudandaula chabe. Amayi osinja adamuyimbira mbali yake ndi yawo yomwe. Panjira adakumana ndi Pumbwa, woyimba wotchuka wa m'mudzimo, amene nyimbo yake ankavina paukwati uliwonse. Pumbwa adaseka, nati nyimbo ya Gologolo ilibe chiuno, ngakhale wolumala sangaivine. Gologolo adangomuyang'ana n'kupitirira.

Pabwalo padadzaza, ndipo a Njati adabwera okha poti mafunso a mbiri ankawakonda. Gologolo adalowa atadziphimba kumaso ndi chitenje. Adakakhala kuseri kwa ng'oma, atafulatira. A Changa ataona zimenezo adazindikira. Maso awo aakulu aja adakulirakulira. Koma mfumu inkadikira, ndipo Mwandida adakhala kutsogolo, mkanda uli m'khosi. A Changa nawonso adafulatira, napempha kuti Nkhanga aziyenda pakati kunyamula mawu.

Funso loyamba lidali lakuti mudziwo adauyamba ndani. Nkhanga adathamanga nalo kuseri kwa ng'oma. Gologolo sankadziwa. Adaganiza pang'ono, mwana akumukoka khutu, n'kunena chimene chidamubwerera. Nkhanga adabwerera pakati pa bwalo.

"Akuti adauyamba ndi mayi wina wotopa. Nyama zidali paulendo, iye adakhala pansi kuti apume, ndiye anzake adayesa kuti afika."

Kusukulu a Changa ankaphunzitsa kuti adauyamba ndi agogo a mfumu, atagonjetsa mikango. Adatsegula pakamwa. Adayang'ana Mwandida. Mwandida adagwira mkanda wake ngati akufuna kuuvula.

"Apongozi anena zoona," adatero a Changa.

Onse adatembenukira kwa mfumu. A Njati adali atamva kuti ndi agogo awo, koma sadafunsepo bwinobwino, ndipo sadafune kuoneka osadziwa pamaso pa mphunzitsi. Adagwedeza mutu, nati iwonso adamvapo zotero kwa akuluakulu.

A Changa adafuna funso lofewa loti apongozi asaphonye. Adafunsa kumene dzuwa limapita likalowa. Nkhanga adapita, adabwera.

"Akuti limapita kuchitsime kukatunga. Nthawi yachisanu limapeza mzere wautali, n'chifukwa chake limachedwa kutuluka."

A Changa adati apongozi anenanso zoona.

Tsopano thukuta lidali litawanyowetsa. Adasankha funso loti ngakhale khanda likhoza, lakuti nyimbo yovina paukwati ija adapeka ndani. Ili Gologolo ankalidziwa bwino lomwe. Pumbwa adali atakhala pamwamba, akukonza nthenga zake podikira kumva dzina lake.

"Akuti adapeka ndi Njiwa," adatero Nkhanga.

Njiwa adadzidzimuka, poti iye adali ndi kanyimbo kamodzi kokha moyo wake wonse. Pumbwa adalumpha n'kuyamba kulongosola tsiku limene adaipeka, ndi ukwati wake, ndi amene adamuwombera m'manja. A Khwangwala adamuletsa, nati pabwalo lino wonena kuti yankho lalakwa ndi mphunzitsi yekha. Mphunzitsi, atafulatirabe, adati apongozi sadalakwe, ndipo akhoza mafunso onse. Pumbwa adauluka akudandaula, ndipo mpaka lero amapita mtengo ndi mtengo kufotokozera aliyense, osapeza womumvera.

Gologolo adatuluka pabwalo chitenje chikadali kumaso. Atafika kunyumba adagona dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe adamudzutsa.

Ukwati udachitika, adavina nyimbo ya Njiwa. Mphako idatsala m'manja mwa Gologolo. Koma zimene a Changa adavomereza pamaso pa mfumu sakadazisintha m'kalasi. Adayamba kuphunzitsa za mayi wotopa, za dzuwa ndi mtsuko wake, za Njiwa woyimba. Ana adaziloweza, ankazilakatula popita kokatola nkhuni.

Zokolola zina zitalowa, mafunso adabweranso. Achinyamata adakhoza mosavuta. Koma kudali nkhalamba zina zimene zinkadziwa mbiri yeniyeni, zina zidaonako ndi maso agogo a mfumu aja. Izo zidayankha zimene zinkadziwa, ndipo zidalephera. Gologolo adaziona zikudutsa pakhomo pake, mphasa zili pamutu, zidzukulu zili pambuyo.

Sadadye tsiku limenelo. Adatuma Nkhanga kuti akauze aphunzitsi kuti zonse zija adangonena chifukwa cha kutopa, abwezeretse zakale. Nkhanga adabwera ndi yankho. A Changa adati ngati apongozi adalakwa, ndiye kuti adalephera, ndipo wolephera malo ake ndi kunja kwa mpanda pamodzi ndi ana. Iwo sangatulutse mawu otero pa amayi a mkazi wawo. Adatumizanso moni, ndi kamtolo ka nkhuni.

Gologolo adaganiza zoti akaonane nawo yekha, mwina awiri akadapeza njira. Adawadikira panjira ya kusukulu. A Changa atangomuona patali adalumphira kutchire la kumanja, ndipo miyendo ya Gologolo, yozolowera mwambo, idamutengera kutchire la kumanzere. Adakhala m'menemo, aliyense akudikira kuti mnzake adutse. Kenaka Gologolo adakumbuka kuti wasiya mphika pamoto.

Tsiku lina mvula yoyamba ikuyandikira, mwana wake wamkazi wotsatana ndi Mwandida, dzina lake Tiyese, adabwera kuchokera kusukulu akudumphadumpha. Ameneyu ndiye Gologolo ankati asadzasenze mtsuko msanga, aphunzire mpaka adziwe zinthu.

"Amayi, mukudziwa kumene dzuwa limapita likalowa?"

"Tandiuza."

Tiyese adaima chilili, manja kumbuyo, n'kulakatula za chitsime ndi mzere wake osaphonya liwu. Adati aphunzitsi amuyamikira pamaso pa anzake onse.

"Koma amayi, n'zoona? Ine kuchitsime ndimapitako madzulo, sindidalionepo."

Gologolo adayang'ana m'mphako. Aang'ono adali atagona pamphasa, pouma. Madontho adayamba kugwa.

"Ngati aphunzitsi atero," adayankha.

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikuti lowa m'nyumba, unyowa."

Tiyese adalowa. Gologolo adatsalira pakhomo pang'ono, kenaka adatola lichero ndi nkhuni zija, nalowa, natseka.

Nthano yathera pomwepa. Mbatata ili paphulusayo wina akaphule, ine ndakhala kale pansi.